Zomwe ndinaphunzira pa mayikulowevu yomangidwira m'kabati ku Randburg

Ndinafika ku Johannesburg mu 2019 kuchokera ku Salima, ndipo nditakhala miyezi ingapo kwa achemwali anga ku Rosettenville, ndinapeza ntchito yophika ndi kusamalira nyumba kwa banja lina ku Randburg. Tsiku loyamba a madamu anandiyendetsa m'khitchini monse kundionetsa pamene pamakhala chilichonse, ndipo titafika pa makina akuda omangidwira m'kati mwa kabati, pamwamba pa uvuni waukulu, anangoti ndi mayikulowevu n'kundisonyeza batani lotenthetsera chakudya. Ine ndinavomera msanga chifukwa mayikulowevu ndinali nditaionapo kwathu, ya kabokosi kaja kamene timaika patebulo, ndipo ndinkayesa kuti kusiyana kwake kunali kwakuti iyi anailowetsa m'khoma basi. Kwa zaka zoposa zitatu ndinkangotenthetseramo tiyi, phala la mwana ndi ndiwo zadzulo, osadziwa kuti m'bokosi limodzi lomwelo muli zophikira ziwiri zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi malamulo ake. Ndikulemba izi chifukwa ambiri a ife amene timagwira ntchito za m'nyumba kuno ku Joni timakumana ndi makina amenewa popanda wotifotokozera, ndipo akawonongeka m'manja mwathu, malipiro athu kapena ntchito imene ndiyo imakhala pachiswe.

Chimene chinandichititsa kuti ndiwasuzumire bwino makinawo chinali kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2023. Chaka chimenecho load shedding, kutanthauza kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana madera, inkafika kawirikawiri pa mlingo waukulu wotchedwa Stage 6, ndipo magetsi ankatha kuzima maola anayi nthawi imodzi, kubwera kwa kanthawi, kenako n'kuzimanso, moti wophika aliyense ankayang'ana ndondomeko ya maola pafoni asanasende ngakhale anyezi. Uvuni waukulu unkachedwa kutentha, ndipo kangapo magetsi anazima chakudya chili pakati. Tsiku lina ndinatenga kabuku ka makinawo m'dilowa n'kukawerenga modekha, ndipo ndinapeza kuti pali mbali ina yotchedwa convection, pamene kumbuyo kwa makinawo kumayaka chitsulo chotentha ndipo fani imazunguza mpweya wotenthawo m'kati monse ngati mu uvuni weniweni. Popeza m'kati mwake ndi mochepa, amatentha msanga kuposa uvuni waukulu. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwotcheramo nkhuku ndi mbatata, ndiponso kuphikiramo masikono, ndipo ndinkaona kuti ndapeza njira yothamangitsana ndi magetsi.

Loweruka lina ndinawotcha nkhuku yathunthu, ndipo inapsa bwino, khungu lake lofiira ndi louma monga mmene ana a pakhomopo amakondera. Mafuta anawazikira paliponse m'kati. Ndinatsuka mbale yagalasi yozungulira ija, ndinapukuta pansi ndi pachitseko, koma makoma a m'mbali ndinangowadutsa ndi nsalu mothamanga, chifukwa magetsi anali atazima kale ndipo m'katimo munali mdima. Lolemba m'mawa ndinaikamo phala la mwana kuti litenthe kwa mphindi imodzi. Pasanathe nthawi ndinamva kuthetheka ngati chimanga chikukazingidwa, ndipo kukhoma la kumanja kunang'anima kamoto kabuluu ngati kamphenzi, kenako panamveka fungo la waya wopsa. Ndinatsegula chitseko nthawi yomweyo ndipo zonse zinasiya, koma mtima wanga unapitiriza kugunda, chifukwa ndinkadziwa kuti mtengo wa makina otere umaposa malipiro anga a mwezi.

Madzulo a madamu atabwera ndinawauza zonse. Ndinati, "Madamu, makina aja athetheka moto m'mawa ndikutenthetsa phala. Ndawazimitsa ndipo sindinawayatsenso." Ndikudziwa kuti ena a ife zikatere timabisa, n'kumapitiriza kuwagwiritsa ntchito poganiza kuti zisiya zokha, koma ndinamva pambuyo pake kuti ndikanatero, vuto la ndalama zochepa likanasanduka vuto lotayitsa makina onse. Popeza nthawi ya galanti inali itatha, a madamu analola kuti ndiitane bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu amene timapemphera naye ku Rosettenville, amene wakhala akukonza zipangizo zamagetsi za m'nyumba kwa zaka zambiri.

Atafika sanamasule chilichonse. Anangotsegula chitseko, n'kuyatsa tochi ya foni, n'kunena kuti, "Achemwali, bwerani mudzaone pano." Pakhoma la kumanja panali kabolodi kotuwa, kukula kwake ngati chikhatho cha dzanja, kooneka ngati katoni koma konyezimira pang'ono. Zaka zonsezo ndinkakaona osakasamala. Pakati pake panali bala lakuda lokula ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo pakatikati pa balalo panali patabooka kale, m'mphepete mwake mukuyoyoka ngati makala. Anandifotokozera kuti kabolodiko n'kopangidwa ndi mwala wotchedwa mica, ndipo ntchito yake ndi kutseka khomo la kanjira kamene mafunde otenthetsa chakudya amatulukira. Mafundewo amapangidwa ndi chida chotchedwa magnetron chimene chimakhala kuseri kwa khomalo, ndipo amadutsa m'kabolodiko popanda vuto malinga ngati kali kaukhondo. Koma mafuta a nkhuku akamatirapo, n'kumaumira nthawi iliyonse imene ndayatsa convection, amasanduka makala, ndipo makala amakoka mafundewo mpaka kuthetheka moto ngati mmene chitsulo chimachitira. Anati sikuti inali nkhuku ya Loweruka yokha, koma mafuta a milungu yonse imene ndinakhala ndikuwotcha osapukuta pamalo amenewo.

Anachotsa kabolodi kopsako, anapukuta bwinobwino pakhomo la kanjirako, n'kudula kena kuchokera pa chidutswa chatsopano cha mica potsata kukula kwa kakaleko. Atakabwezera anaikamo kapu ya madzi n'kuyatsa kwa mphindi imodzi, ndipo madziwo anatuluka otentha popanda phokoso lachilendo. Ine pofuna kutsimikiza ndinafunsa kuti, "Bambo, simutsegula kumbuyo kuti muone ngati mwapsanso china?" Iwo anayankha kuti panalibe chifukwa, popeza madzi atentha bwino, ndipo anawonjezera chenjezo limene sindidzaliiwala. Anati, "Inu musadzamasule chitsulo chakunjachi, ngakhale mutazula pulagi. M'katimu muli kapasita imene imatha kusunga magetsi a mavoti pafupifupi 2,000 makina atazimitsidwa kale, ndipo imapha munthu." Ndikupempha abale athu amene amakonda kumasula chilichonse ndi sikuludilaivala kuti pamakina awa okha asiye ntchitoyo m'manja mwa amene anaiphunzira.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kudzifunsa funso limodzi ndisanaike chilichonse m'makinawo, loti kodi ndikuyatsa moto uti. Pa mayikulowevu yeniyeni, mafunde aja, amene amagwedezeka maulendo 2,450 miliyoni pa sekondi, amatenthetsa makamaka madzi amene ali m'chakudya, ndipo mpweya wa m'kati sutentha kwenikweni. Pamenepo galasi, mbale zadothi ndi mapulasitiki olembedwa kuti ndi a mayikulowevu zimagwira ntchito bwino, koma chitsulo ndi choletsedwa, kuphatikizapo foloko, foyilo, mbale zokhala ndi mzere wagolide m'mphepete, ndi mbale zathu zachitsulo zopakidwa zoyera zija zimene timadyera kumudzi. Pa convection zinthu zimatembenuka. Mathini achitsulo ophikira keke amaloledwa chifukwa palibe mafunde, koma pulasitiki wamba imasungunuka, popeza m'kati mumafika madigiri 200 kapena kupitirira. Palinso njira yachitatu yophatikiza ziwirizi, imene imapsetsa nkhuku msanga m'kati n'kuifiiritsa kunja, ndipo imeneyi ndiyo imasokoneza anthu ambiri, chifukwa malamulo onse awiri amagwira nthawi imodzi. Pamenepo ine ndimagwiritsa ntchito mbale zagalasi zopirira moto kapena zadothi, pamodzi ndi kachitsulo koikapo chakudya kamene kanabwera ndi makinawo, ndipo sindiikamo chitsulo china chilichonse.

Pali msampha wina umene kabuku kanatchula koma ine ndinaumvetsa nditauona ndi maso. Mukamaliza kuphika pa convection, makoma ndi mbale yagalasi zimakhalabe zotentha ngati uvuni kwa nthawi ndithu. Tsiku lina nditangotulutsa masikono, mwana wamkulu wa pakhomopo anaikamo mpunga m'kontena ya pulasitiki kuti autenthetse, ndipo pansi pa kontenayo panafewa n'kumatirira pagalasi. Tsopano ndikatulutsa zophika ndimasiya nsalu pa kauntala patsogolo pa makinawo ngati chizindikiro choti akadali otentha, ndipo onse a m'nyumbamo anazolowera.

Nkhani ya nsima ndiyenera kuifotokoza bwino, chifukwa ambiri amati nsima yotenthetsa mu mayikulowevu siikoma, pamene vuto ndi katenthetsedwe. Mafunde aja salowa mpaka pakati pa chakudya chachikulu, amangofika masentimita ochepa kuchokera kunja, ndipo kutenthako kumayenda kokha pang'onopang'ono kulowa m'kati. Mukaika mtanda wathunthu wochokera m'firiji n'kuyatsa mphamvu yonse, m'mphepete mumauma n'kulimba ngati mphira pamene pakati pakadali pozizira. Ine ndimaduladula mtandawo m'magawo atatu kapena anayi, ndimawayala mozungulira m'mbali mwa mbale n'kusiya pakati popanda kanthu, ndimawaza timadzi ndi zala, kenako ndimavundikira ndi mbale ina n'kusiya kampata kotulukira nthunzi. Ndimayatsa theka la mphamvu kwa mphindi ziwiri, ndimatembenuza, n'kuwonjezera mphindi ina, ndipo ndikazimitsa ndimadikira mphindi imodzi ndisanavundukule. Ikatuluka imakhala yofewa moti imakandika m'manja ngati yangochoka pamoto. Ndiwo za nyemba kapena nyama ndimazitakasa pakati pa nthawi, ndipo nyama ndi nkhuku zogona ndimaonetsetsa kuti zatentha mpaka m'kati, chifukwa chakudya chofunda kunja chokha chimatha kudwalitsa.

Zina n'zachidule koma n'zoopsa. Dzira la m'chikamba limaphulika. Botolo la mkaka wa khanda limatha kumveka lofunda kunja pamene m'kati muli malo otentha kwambiri, choncho ine ndimalifunditsa m'madzi otentha. Madzi a m'kapu yosalala amatha kupitirira powira osaonetsa thovu, n'kudzafufuma mwadzidzidzi mukathiramo khofi kapena shuga, choncho ndi bwino kuwasiya kanthawi musanawatulutse. Ndiponso musayatse mayikulowevu m'kati mulibe kanthu, chifukwa mafundewo akasowa chowamwa amabwerera ku magnetron n'kuiwononga.

Kuphika makeke ndi masikono kunandivuta poyamba, ndipo chifukwa chake sichinali makina okha. Masikono amene ndinkaphika ku Salima ndi muyeso womwewo, kuno ankafufuma mothamanga n'kugwa pakati, ndipo ankauma msanga. Ndinadzamva kuti Johannesburg ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yaikulu, pamene kwathu kunyanja n'kotsika kwambiri. Pamalo okwera chonchi madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, ndipo mpweya umene umafufumitsa ufa umakula msanga keke isanalimbe. Kuwonjezera pamenepo, fani ya convection imapsetsa mwachangu ndipo imaumitsa pamwamba. Panopa ndimachepetsako baking powder, ndimawonjezera timkaka pang'ono, ndipo buku likanena madigiri 200 ine ndimaika 180 kapena 190 n'kuyamba kusuzumira pagalasi nthawi yolembedwayo isanakwane. Ndimadikira kuti makinawo alire posonyeza kuti atentha ndisanaikemo thini, ndipo thinilo ndimaliika pa kachitsulo kafupi kaja kuti mpweya uzidutsa pansi pake. Chigumu chimatuluka bwino kwambiri mwanjira imeneyi, chofiira mofanana mbali zonse.

Kayeretsedwe kanga tsopano n'kosavuta, koma sindikadumpha. Ndikawotcha chilichonse chamafuta ndimadikira kuti m'kati muzizire mpaka kufunda chabe, kenako ndimapukuta tsiku lomwelo ndi nsalu yofewa yonyowetsa m'madzi a sopo wotsukira mbale. Ndimayambira kudenga, kumene kuli chitsulo china chowotchera ndipo kumene maso safika ngati munthu sunawerame, kenako makoma onse, ndipo kabolodi ka mica ndimakapukuta mosamala ndi nsalu yofinya bwino, osakanyowetsa kapena kukakwecha. Ngati mafuta auma kale, ndimaika mbale yagalasi ya madzi ndi ndimu wodula pakati, ndimayatsa mayikulowevu mphindi zinayi kapena zisanu, n'kusiya chitseko chotseka kwa mphindi zina zisanu kuti nthunzi ifewetse litsiro. Njira yomweyi imachotsa fungo la usipa umene umatifikira pa mabasi ochokera kumudzi, ndipo amene anatenthetsapo usipa m'khitchini ya abwana akudziwa kufunika kwake. Kawaya kokwechera miphika ndi mankhwala amphamvu opopera mu uvuni waukulu sindiwalowetsamo, chifukwa amakanda ndi kudya makoma, ndipo pokandika m'pamene dzimbiri ndi kuthetheka zimayambira. Mbale yagalasi ndi kamkombero ka timateyala ka pansi pake ndimazitsuka m'sinki, koma galasilo likakhala lotentha sindiliviika m'madzi ozizira kuopa kuti lingasweke.

Chitseko nacho chimafuna diso. Timadontho takuda timene mumaona pagalasi lake ndi sefa yachitsulo ya timabowo ting'onoting'ono, imene imalola kuti muone chakudya koma imatchinga mafunde, popeza mafundewo ndi aatali pafupifupi masentimita 12 ndipo sangadutse pamenepo. M'mphepete mwa chitseko mukamatira zakudya, kapena chikapindika chifukwa choti wina watsamirapo chili chotsegula, sichitsekanso bwino. Makina otere asagwiritsidwe ntchito mpaka wodziwa awaone.

Tsopano ndinene za kumangidwira m'kabati, chifukwa apa ndi pamene makina awa amasiyana ndi kabokosi ka patebulo. Popeza azunguliridwa ndi matabwa, amapumira m'timipata timene tili kutsogolo, pamwamba kapena pansi pa chitseko, ndipo mpweya wotentha umene umatuluka pamenepo si chizindikiro cha kuwonongeka. Kale ndinkapachika nsalu yopukutira mbale pachogwirira chake kuti iume msanga, osadziwa kuti ndikutseka mphuno za makinawo. Ndinkadabwanso kuti ndikamaliza kuphika fani imapitiriza kulira, ndipo kangapo ndinazimitsa switchi ya pakhoma poganiza kuti ikutha mayunitsi pachabe. Bambo okonza makina aja anandiuza kuti fani imeneyo imaziziritsa zida za m'kati ndi kuteteza matabwa a kabati, ndipo imasiya yokha ikamaliza ntchito yake. Magetsi akazima makinawo ali otentha, ndimatsegula chitseko pang'ono kuti kutentha kutuluke, ndipo kamodzi pa mwezi ndimachotsa fumbi ndi mafuta m'timipata tija ndi kaburashi kofewa.

Magetsi akazima ndimazimitsanso switchi yake, n'kudzaiyatsa patapita mphindi zingapo atabwera, chifukwa nthawi yobwerera m'pamene amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira n'kupsereza kabolodi ka mabatani. Ndimachita chimodzimodzi m'dzinja, mvula ya ziphaliwali ya kuno ikayamba masana. Pakhomopo anaikitsa inverter ndi mabatire zopereka magetsi ena akazima, koma makina awa sanawalumikizeko. Mawati 900 amene alembedwa pa athuwa ndi mphamvu imene imafika m'chakudya, pamene magetsi amene amakoka pakhoma ndi ochuluka kuposa pamenepo, ndipo pophatikiza mafunde ndi convection amakoka kwambiri. Ichi ndi chifukwa chake amafuna soketi yakeyake yoikidwa ndi katswiri wovomerezeka, osati kugawana adaputa imodzi ndi ketulo.

Kwa abale amene mukuganiza zogula anu, kaya a kuno kaya otumiza kumudzi, magetsi a kuno ndi a ku Malawi ndi ofanana mphamvu, mavoti 230, ndipo chosintha ndi pulagi yokha, popeza ya kuno ili ndi mano ozungulira pamene yakwathu ndi yamakona. Koma makina omangidwira amafuna kabati yopangidwa motsatira miyeso ya m'kabuku kake, yokhala ndi mipata ya mpweya, ndipo ngati mulibe kabati yotere ndi bwino kugula a patebulo amene alinso ndi convection. Mukagula m'sitolo sungani lisiti, chifukwa lamulo la kuno ku South Africa loteteza ogula, la Consumer Protection Act la 2008, limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wolakwika kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Mukagula kwa munthu wamba pa Facebook chitetezo chimenecho musachidalire, choncho yesani ndi kapu ya madzi pamaso pake, yatsani convection mumve ngati fani ikuzungulira bwino, ndipo unikani kabolodi ka mica ndi tochi musanapereke ndalama.

Mwezi watha mwana wa achemwali anga anayamba ntchito m'nyumba ina ku Fourways, ndipo sabata yoyamba anandiimbira foni kuti, "Mayi aang'ono, kuno kulinso makina ngati anu aja, koma sindikudziwa poyambira." Ndinamuuza kuti asanakhudze batani lililonse atsegule chitseko, ayatse tochi, ajambule makoma ndi denga n'kunditumizira pa WhatsApp. Pa chithunzicho kabolodi kake kanali ndi timadontho tambiri tofiirira ta mafuta akale, koma panalibe pakuda kapena pobooka. Ndinamuuza kuti aike mbale ya madzi ndi ndimu, apukute mofatsa ndi nsalu yofinya, ndipo apemphe kabuku ka makinawo kwa a madamu ake kuti tidzakawerengere limodzi Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi.